Nthawi zina netiweki timangoyinamizira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mawu amene tonse tawamva mpaka kutopa nawo, kaya pa kauntala ya banki, pa kabenchi ka ejenti wa ndalama za pa foni, kapena ku ofesi yolipirira fizi: "Pepani, netiweki yavuta, mubwerenso mawa." Ine ndine mmodzi wa anthu amene amakhala kuseri kwa mawu amenewa. Ntchito yanga ndi yoyang'anira maseva, makompyuta amene amayendetsa mapulogalamu a kampani, ndipo ndaigwira zaka 9 tsopano. Ndalemba kalatayi kuti ndiulule kuti masiku ena netiweki imakhala ilibe mlandu uliwonse. Chingwe chili bwinobwino, magetsi alipo, nsanja ya foni ili chiimire. Chimene chachitika n'chakuti munthu wonga ine wasintha kanthu mu pulogalamu, wakatumiza kwa anthu onse asanakayese mokwanira, ndipo tsopano ali thukuta kamukamu kufunafuna njira yobwerera. Ndikudziwa chifukwa zinandichitikira, ndipo amene anavutika sanali ine ndekha.

Kampani imene ndimagwirako ndi yaing'ono. Timathandiza magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama kusunga mabuku awo, komanso kulandira ngongole zimene mamembala akubweza kudzera pa foni. Tilibe chipinda chathu cha maseva. Timachita lendi makompyuta a kampani ina yaikulu ya kunja, ndipo ndi zimenezi zimene anthu amazitcha cloud. Dzinalo lisakupusitseni, kulibe mtambo. Ndi nyumba zazikulu zodzaza makompyuta, zokhala ndi alonda ndi majenereta. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inabwera ku Johannesburg mu 2024. Ife timabwereka kwa imodzi mwa zimenezi, ndipo bilu yake imabwera mu madola mwezi ndi mwezi. Mawu akuti madola muwasunge, abweranso kutsogoloku.

Makompyuta obwerekawo sitiwayendetsa ndi manja mmodzimmodzi. Pali chida chimene chimatigwirira ntchitoyo, dzina lake Kubernetes. Chinachokera ku Google, chinalengezedwa mu 2014, ndipo chinayamba kugwiritsidwa ntchito mokhazikika mu 2015. Dzinalo ndi la Chigiriki, limatanthauza wowongolera ngalawa. Ine ndikamafotokozera amayi anga ndimati ndi kapitawo. Umamulembera pa fayilo kuti, ndikufuna makope 6 a pulogalamu iyi azigwira ntchito usana ndi usiku. Iye amaonetsetsa kuti alipodi 6. Limodzi likafa pakati pa usiku, amadzutsa lina osakufunsa. Kompyuta imodzi ikazima, amasamutsira ntchito pa ina. Ukamupatsa pulogalamu yatsopano, amachotsa makope akale pang'onopang'ono n'kumaikapo atsopano, kuti kasitomala asaone n'komwe kuti pasintha kanthu. Ife a ntchitoyi timati kudipuloya.

Zida zotere zilipo zingapo. Pali china chotchedwa Juju, chopangidwa ndi Canonical, kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yomweyo imene inapanga pulogalamu yoyendetsa makompyuta yotchedwa Ubuntu, dzina limene kwathu kuno timati umunthu. Timalangizo timene Juju imagwiritsa ntchito amatitcha charms, ndiye kuti zithumwa. Nditamva koyamba ndinaseka, ndinati azungu nawonso afika pokhwimira makompyuta. Koma kuseka kwangako kunali ndi choonadi chake, chifukwa ambiri a ife timazitenga zida zimenezi ngati zithumwadi. Timaganiza kuti poti tamangirira Kubernetes m'chiuno, palibe chingatigwere.

Kapitawo ameneyu ali ndi khalidwe limodzi limene tiyenera kulimvetsa: safunsa chifukwa. Ukamuuza zanzeru, azichita mofulumira pa makompyuta onse. Ukamuuza zopusa, azichitanso mofulumira chimodzimodzi pa makompyuta onse.

Kale tinali ndi malo awiri. Ena anali enieni, momwe muli ndalama ndi maina a anthu. Ena anali oyeserera, ofanana ndi enieniwo pa chilichonse, kumene tinkayamba taponyako chosintha chilichonse n'kuchisiya masiku awiri kapena atatu tikuchiyang'ana. Ndiye inafika November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Bilu yathu ya cloud inakwera tsiku limodzi popanda ife kuwonjezera kanthu, ndipo madola enieniwo ankasowa ku banki. Abwana anandiitana, pepala la bilu lili pa tebulo, chala chawo chili pa mzere umodzi.

"Kodi ichi chikutidyera ndalama chonchi n'chiyani?"

"Ndi malo oyeserera aja, bwana."

"Muli makasitomala angati m'menemo?"

"Mulibe, bwana. Ndi moyesera basi."

"Ndiye tikulipira madola pa nyumba yopanda anthu? Simungayesere pa laputopu yanuyo?"

Sindikuwanena abwanawo. Malipiro a anthu 14 anali pa mutu pawo, ndipo funso lawo linali lomveka. Wolakwa ndinali ine amene ndinayankha kuti, "Zitheka, bwana," pomwe mumtima ndinkadziwa kuti laputopu si malo oyeserera. Ndinazimitsa malowo tsiku lomwelo. Kwa miyezi ingapo palibe chinachitika, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tinkangotaya ndalama.

Chosintha chimene chinatigwetsa chinali chaching'ono moti n'chochititsa manyazi kuchifotokoza. Manambala a foni a mamembala anali olembedwa mosiyanasiyana mu database yathu, nkhokwe ya pa kompyuta momwe timasungamo maina, manambala ndi ndalama za mamembala. Tinkafuna onse akhale amtundu umodzi, oyamba ndi 265, kuti ndalama ikalowa izipeza mwini wake mosavuta. Ndinalemba kalangizo kakuti: pa nambala iliyonse yosayamba ndi 265, chotsa chilembo choyamba, amene ndi ziro uja, uikepo 265, usunge mu kolamu yatsopano, ndiye kuti mndandanda watsopano wa manambala, kenako ufufute kolamu yakale. Ndinayesa pa laputopu ndi mamembala ongopeka 20 amene ndinawalemba ndekha. Onse manambala awo ndinawalemba mwaudongo, oyamba ndi 099 kapena 088. Onse 20 anadutsa. Ndinadziombera m'manja.

Chimene sindinaganize n'chakuti alembi ambiri a magulu amatitumizira maina a mamembala pa Excel, ndipo Excel ikaona nambala yoyamba ndi ziro imameza ziroyo. Choncho mu database yeniyeni munali manambala ambirimbiri oyamba ndi 99 kapena 88, opanda ziro. Kalangizo kanga sikanayang'ane ngati chilembo choyamba ndi zirodi. Kanangodula. Pa manambala amenewo kanadula 9 kapena 8 weniweni, n'kusiya nambala yoperewera imene si ya munthu aliyense. Ndipo kolamu yakale, momwe munali zoona, kanaifufuta monga ndinakauzira.

Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 4 koloko madzulo. Mnzanga amene timayenera kuonetsana code, malemba a pulogalamu, tisanatumize anali atapita ku maliro ku Mchinji. Ndinaona kuti kumudikira mpaka Lolemba n'kutaya nthawi pa kanthu kochepa chonchi. Ndinatumiza.

Apa ndifotokoze pang'ono momwe kapitawo uja amagwirira, chifukwa ndi pamene pali phunziro limene ndinalilipira modula. Ukapanda kumuuza zina, Kubernetes amasintha makope potsatira lamulo la 25 peresenti: pa makope 6, amaloledwa kudzutsa 2 owonjezera ndi kukhala ndi limodzi lokha losagwira ntchito pa nthawi imodzi. Asanachotse lakale lina, amayamba wafunsa latsopanolo ngati lakonzeka kulandira anthu. Funso limeneli amalitcha readiness probe, ndipo amene amalilemba ndiwe mwini. Ngati latsopanolo silikuyankha bwino, iye amaima pomwepo, akalewo n'kupitiriza ntchito. Ndi chitetezo chabwino kwambiri. Koma funso limene ine ndinalemba linali laulesi. Linkangofunsa kuti, "Uli moyo?" pulogalamu n'kuyankha kuti, "Eya." Silinkafunsa ngati ikutha kuwerenga database, kapena ngati ikutha kupeza membala. Zili ngati kufunsa mlonda ngati wafika pa ntchito, osafunsa ngati geti yakiyidwa.

Pasanathe mphindi 3 makope onse 6 anali atsopano, pa sikirini zonse zili zobiriwira. Ndinatseka laputopu, ndinakwera minibasi ya ku Area 25.

Foni yoyamba inandipeza ndikusamba m'manja kuti ndidye nsima. Anali mnzathu wa ku ofesi amene amayankha makasitomala. Anati mayi wina wogulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu waimba katatu. Wabweza ngongole yake yonse ya mwezi, meseji ya kampani ya foni yotsimikiza kuti ndalama yachoka ali nayo, koma mlembi wa gulu lawo akuona pa foni yake kuti mayiyo sanabweze, ndipo mawa ku msonkhano amulipiritsa chindapusa pamaso pa anzake. Mnzangayo anati, "Achimwene, ndawauza kuti ndi netiweki, koma aimbanso ena 5." Nsima ija inazizira pomwepo.

Nditatsegula laputopu ndinaona msanga kuti ndalama zikulowa koma zina sizikupeza eni ake. Ndipo apa ndinachita cholakwa chachiwiri, chachikulu kuposa choyamba. Kubernetes amasunga mbiri ya zimene unadipuloya, 10 zomalizira ukapanda kusintha chiwerengerocho, ndipo pali lamulo limodzi lalifupi, kubectl rollout undo, limene limabwezeretsa pulogalamu ya dzulo. Lamulo limeneli ndinkalidalira ngati mwana adalira msana wa amake. Ndinalilemba manja akunjenjemera. Kapitawo anamvera. Anachotsa makope atsopano, anabwezeretsa akale, anawafunsa ngati ali moyo, onse anati eya, zonse zobiriwira.

Koma pulogalamu yakale inkafuna kolamu yakale ya manambala, imene ine ndinali nditaifufuta 4 koloko. Kubernetes amabweza pulogalamu, sabweza database. Zimenezi ndinkazidziwa m'mutu, koma usiku umenewo mutu sunali pamalo pake. Poyamba ovutika anali okhawo a manambala odulidwa. Tsopano aliyense amene ankatsegula ankangoona uthenga wakuti pachitika vuto. Ndinatenga nyumba yodontha mbali imodzi n'kuisasula denga lonse.

Ndinabwezeretsanso pulogalamu yatsopano ija kuti ambiri apume, kenako ndinayamba kufunafuna manambala oona. Madzi akatayika saoleka, koma mwayi wanga unali wakuti usiku uliwonse 2 koloko makina amatenga bakapu, kope losungira pambali, ya database yonse. Vuto linali lakuti chiyambire ntchito pa kampaniyi sindinayesepo kubwezeretsa bakapu ngakhale kamodzi. Ndinkangoona kuti fayilo ilipo n'kumagona mtendere. Ndinayamba kuwerenga malangizo ake 10 koloko usiku, magetsi atazima, laputopu ikudya batire, intaneti ndikukoka pa foni ya mayi a kunyumba chifukwa bandulo yanga inali itatha. Iwo anangoti, "Bambo, mwaphwanya chiyani ku ntchitoko?" n'kundiyatsira kandulo. Bakapuyo inatseguka cha m'ma 1 koloko. Ndinaitsegulira pambali, ndinatengamo kolamu yakale, ndinakonza manambala. Loweruka lonse tinakhala anthu atatu mu ofesi kulumikiza ndi manja ndalama iliyonse imene inalowa usikuwo ndi mwini wake, ndi kuimbira alembi a magulu mmodzimmodzi.

Mayi wa pa Lizulu ndinamuimbira ndekha. Ndinati, "Mayi, sinali netiweki ayi. Ndine ndinalakwitsa pokonza makina, ndalama yanu ilipo yonse, ndipo alembi ndawauza." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino bambo, koma usiku wonse sindinagone, ndimaganiza kuti ndatumiza ku nambala yolakwika." Ndalama imene inkamusowetsa tulo inali phindu la madengu angapo a tomato. Ine ndinali nditaiika pa ngozi pofuna kupulumutsa masiku awiri odikira mnzanga.

Mwina wina anganene kuti izi ndi za ife a timakampani tating'ono ta ku Malawi, osaphunzira mokwanira. Ayi ndithu. Kumapeto kwa July 2012 kampani ya ku America yogula ndi kugulitsa masheya, Knight Capital, inaika pulogalamu yatsopano pa maseva ake 8, koma imodzi inaiwalika, inatsala ndi code yakale. Msika wa masheya utatsegulidwa pa 1 August, seva imeneyo inayamba kugula ndi kugulitsa mosalekeza. Pofuna kukonza, akatswiri awo anachotsa pulogalamu yatsopano pa maseva ena 7 aja, zinthu n'kuipiraipira, ndendende zimene ndinachita ine pa kandulo. M'mphindi 45 kampaniyo inataya madola oposa 440 miliyoni, ndipo sinadzukenso payokha, inathera kugwirizana ndi kampani ina.

Ambiri a inu mukukumbukira madzulo a pa 4 October 2021 pamene WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6. Kuno tinkazimitsa ndi kuyatsa mafoni, ena kutukwana makampani athu a foni, ena kugula bandulo ina poganiza kuti yatha. Chonsecho vuto linali ku Facebook komweko: lamulo limodzi limene linaperekedwa pa ntchito yokonza ya masiku onse linadula kulumikizana kwa nyumba zawo zonse za maseva, ndipo chida chimene chinayenera kuletsa lamulo lolakwika chotero chinali nacho chilema chake.

Koma chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha pa 19 July 2024. Kampani ya chitetezo cha makompyuta, CrowdStrike, inatumiza kafayilo kosintha kwa makasitomala ake onse nthawi imodzi. Kanali ndi vuto. Microsoft inati makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, kampani ya ndege ya Delta yokha inaimitsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku otsatira, zipatala ndi mabanki m'maiko ambiri zinasokonekera. Kampaniyo inabweza kafayiloko patangotha mphindi 78, koma makompyuta amene anali atagwa kale sakanatha kulandira chokonzacho, moti anthu anayenera kuwayendera ndi manja imodziimodzi. Pambuyo pake CrowdStrike inalonjeza kuti zosintha zotere izizitumiza pang'onopang'ono, kuyamba ndi ochepa. Mayi aliyense wophikira anthu pa ukwati amadziwa kuti ndiwo umayamba walawa pa chikhatho usanagawe m'mbale 300. Kampani ya mabiliyoni inaphunzira zimenezi dziko lonse likuonerera.

Njira yoyamba ndi ochepa imeneyi ili ndi dzina, timati canary, kutengera kambalame kamene anthu a m'migodi ya malasha ku Britain ankalowa nako pansi mpaka 1986. Mpweya woipa ukayamba, kambalameko kankafooka msanga anthu asanamve kanthu, iwo n'kuthawa. Ife tsopano chosintha chilichonse chimayamba ndi magulu 3 okha amene tinagwirizana nawo, ndipo alembi awo amadziwa kuti akaona chachilendo aimbe nthawi yomweyo. Pakapita tsiku lathunthu popanda dandaulo m'pamene ena onse amalandira.

Lolemba lotsatira Lachisanu langa lija ndinalowa mu ofesi ya abwana ndi pepala langa. Ndinawerengetsera maola a anthu atatu Loweruka lonse, mayunitsi oimbira alembi, ndi gulu limodzi lalikulu limene linati likufuna kuchoka. Kenako ndinawaonetsa chinthu chimene ndinayenera kuwaonetsa tsiku lija la bilu, ndikanakhala kuti ndinaganiza m'malo mongovomera. Malo oyeserera safunika kuyaka usana ndi usiku. Ubwino wa zida zimenezi ndi womwewu, kuti nyumba yonse inalembedwa pa fayilo. Ndi chida china chotchedwa Terraform ndimatha kuimika malo oyeserera athunthu m'mawa, ndisanamalize kapu ya tiyi, n'kuwagwetsa madzulo poweruka. Cloud amalipiritsa pa nthawi imene wagwiritsa ntchito. Malo oyaka maola 8 pa masiku awiri kapena atatu pa sabata amadya kachigawo kochepa ka zimene ankadya akamayaka maola 168. Abwana anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga bwanji simunanene kale?" Ndinalibe yankho.

M'malo oyesererawo sitiikamonso mamembala 20 a udongo aja. Timatenga kope la deta yeniyeni, n'kusintha maina ndi manambala kuti asadziwike mwini, poti ndi zinsinsi za anthu ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza deta kuyambira 2024, koma unyansi wake wonse timausiya momwemo: manambala opanda ziro, okhala ndi mipata pakati, olembedwa awiri m'bokosi limodzi, ena olembedwa kuti "ya amuna awo". Deta ya ku Malawi ndi yotero, ndipo pulogalamu imene sinakumanepo nayo sinayesedwe. Funso la kapitawo lija ndinalilembanso. Tsopano pulogalamu isanati yakonzeka, imayenera kufika ku database n'kupezako membala mmodzi woyeserera. Likanakhala lotero usiku uja, kubweza kwanga kukanaima pa makope oyambirira, osafika pogwetsa onse.

Pa nkhani ya database tinaika lamulo limene sindilola kuti munthu aliphwanye, ngakhale ine: sitifufuta chakale tsiku limene taika chatsopano. Timawonjezera kolamu yatsopano, yakale ili pomwepo, pulogalamu n'kumalemba monse muwiri. Pakapita milungu iwiri zonse zili bwino, m'pamene timachotsa yakale, pa tsiku lakelake. Zimachedwetsa, ndipo anyamata atsopano amadandaula kuti ndi ntchito yobwereza. Ndimawasiya adandaule. Ndiponso kamodzi pa mwezi timatenga bakapu n'kuibwezeretsa pambali, wotchi ili m'manja, kuti tidziwe ngati ikutseguka komanso kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Kampani ya GitLab, imene imasungira anthu olemba mapulogalamu code yawo, inaphunzira zimenezi pa 31 January 2017, pamene katswiri wawo wotopa anafufuta database yeniyeni poganiza kuti ali pa seva ina, n'kupeza kuti njira zawo 5 zosungira bakapu sizinkagwira ntchito monga ankaganizira. Anataya deta ya maola pafupifupi 6.

Ndatchula GitLab pa chifukwa chinanso, ndipo ndi chimene chandipangitsa kulembera nyuzipepala osati kungokambirana ndi anzanga a ntchito. Iwo sananamizire netiweki. Analemba poyera zonse zimene zinachitika, ola ndi ola, mpaka anaonetsa pa YouTube ntchito yokonzayo ikuchitika, ndipo katswiri uja sanamupachike. Kuno kwathu sisitimu ikagwa tsiku lonse, chimene timalandira ndi kachikalata ka mizere itatu kopepesa chifukwa cha "zovuta zina za makina". Sitiuzidwa chinachitika, sitiuzidwa chimene asintha kuti zisachitikenso, ndipo mwezi wotsatira zimachitikanso. Mtsikana wa pa kauntala ndiye amatukwanidwa, chonsecho iye sakudziwa kanthu, anangouzidwa kuti azinena kuti netiweki.

Atolankhani anu, akonzi, angathandize. Bungwe likanena kuti makina avuta, afunseni kuti, kodi munasintha chiyani m'maola 24 apitawa? Munayesera kuti musanatumize kwa anthu? Funso lotere silifuna digiri ya makompyuta. Akuluakulu amene amasaina makontirakiti a masisitimu, m'boma ngakhale m'makampani, afunsenso ogulitsawo ndalama isanatuluke: malo oyeserera ali kuti, ndipo alipira ndani? Tionetseni mukubweza chosintha ife tikuona. Bakapu munaibwezeretsa liti komaliza? Wogulitsa akayamba kuyankha ndi maina a zida, kuti ife timagwiritsa ntchito Kubernetes, ife tili pa cloud, dziwani kuti akukuonetsani chithumwa. Inenso ndinali nacho Lachisanu lija.

Kwa achinyamata amene akumaliza maphunziro a makompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni ndi ku UNIMA, amene ena amabwera kudzaphunzira ntchito kwa ife: ambiri mumafika mukudziwa kulemba pulogalamu kuposa mmene ine ndinkadziwira pa msinkhu wanu, ndipo zimandisangalatsa. Koma tsiku loyamba sindikufunsani kuti mulembe kanthu. Ndimakupatsani malo oyeserera, n'kukuuzani kuti muwaphwanye dala, kenako muwadzutse. Pali kachida kaulere kotchedwa minikube kamene kamaika Kubernetes yaing'ono pa laputopu yanu, yambani kusewera nako muli kusukulu komweko. Ikani pulogalamu, isintheni, bwezani, fufutani kolamu muone chimene chichitike. Kungoti musaiwale kuti laputopu ndi pophunzirira, si pomalizira mayeso.

Ena mwa anzanga a ntchito amatsutsa lamulo langa losadipuloya Lachisanu. Amati ngati mayeso ako ndi okwanira, tsiku lililonse ndi labwino, ndipo makampani akuluakulu amatumiza zosintha kambirimbiri pa tsiku. N'zoona, ndipo sindikuwatsutsa pa makampani amenewo. Iwo ali ndi magulu a anthu olondera usiku mosinthana. Ife tilipo atatu, mmodzi amakhala ku Likuni, wina alibe galimoto, ndipo magetsi akazima tonse timadalira batire. Komanso makasitomala athu ambiri amabweza ngongole kumapeto kwa sabata, misika ikayenda. Pamene ndikulemba pano ndi Lachinayi madzulo, ndipo pali chosintha china chokhudza kawerengedwe ka chiwongoladzanja chimene chakonzeka kuyambira dzulo. Mnzanga wachiona, chadutsa mayeso onse, abwana afunsa kawiri. Chipita Lachiwiri 9 koloko m'mawa, kwa magulu 3 aja poyamba, limodzi mwa iwo ndi la mayi wa pa Lizulu, amene anavomera yekha kuti aziyamba ndi iwo bola tiziwauziratu.

Woyang'anira maseva,
Area 25, Lilongwe